Utsi wabuluu pa galimoto ya turbo: fufuzani musanagule turbo ina

Magulu ambiri a alimi ndi makopaletivi amadalira pikapu, lole yaing'ono kapena thalakitala potuta zokolola ndi zipangizo zaulimi. Injini zambiri za dizilo za masiku ano zimakhala ndi turbo. Vuto limodzi lomwe limaoneka kawirikawiri pa injini zotere ndi utsi wabuluu wotuluka ku ekizozi pamene injini ikungolira galimoto itaima.

Utsiwu ukaoneka, anthu ambiri amathamangira kunena kuti turbo yafa. Turbo ndi chipangizo chokwera mtengo, ndipo nthawi zambiri gwero la vutoli limakhala kwina. Gulu likhoza kugula turbo yatsopano, utsi n'kubwereranso pakatha masabata ochepa chifukwa chomwe chinayambitsa vutolo sichinakonzedwe. Tsamba lino likuthandizani kufufuza mwandondomeko, kuyambira pa zinthu zosafuna ndalama.

Mtundu wa utsi umatiuza chiyani?

• Utsi wabuluu kapena wotuwa mopita ku buluu, wonunkha ngati oilo wopserera: injini ikuwotcha oilo.
• Utsi wakuda: mafuta akuchuluka kuposa mpweya. Kawirikawiri fyuluta ya mpweya yatsekeka kapena ma injector sakugwira bwino ntchito.
• Utsi woyera wosatha ngakhale injini itatentha, madzi a mu rediyeta akuchepa: madzi akulowa mu injini.
• Utsi woyera mopita ku buluu, wonunkha dizilo ndi wolasa m'maso, makamaka m'mawa kukuzizira: dizilo sakupsa bwino. Uwu si oilo, ndipo vuto limakhala ku ma injector kapena ma glow plug.

Onetsetsani mtundu wa utsi masana kukuwala, ndipo injini ikhale itatentha kale. Musayatse injini m'nyumba kapena m'shedi yotseka, chifukwa utsi wa galimoto umapha.

Momwe oilo amadutsira mu turbo

Turbo ili ndi timapiko tiwiri tolumikizidwa ndi shafiti imodzi. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kapiko kamodzi, ndipo kapiko kenako kamakankhira mpweya wambiri mu injini. Shafitiyo imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, motero imadalira oilo kuti isapse.

Oilo amalowa mu turbo mokankhidwa ndi pampu kudzera m'kapaipi kakang'ono kapamwamba. Potuluka palibe chomukankha: amangotsika yekha m'paipi yapansi kubwerera ku sampu, monga madzi amatsikira m'ngalande. Chilichonse chotchinga njira yotsikirayi chimachititsa oilo kudzadza mu turbo ndi kusefukira ku ekizozi kapena ku njira ya mpweya.

Dziwaninso kuti zotchinga oilo mu turbo si mphira ayi, koma timphete tachitsulo. Timpheteti timathandizidwa ndi mphamvu ya mpweya ndi utsi zomwe zimakankha oilo kuti akhale mkati. Galimoto ikaima injini ikulira pang'onopang'ono, mphamvu imeneyi imachepa. N'chifukwa chake utsi umaonekera kwambiri pamene galimoto yaima, ngakhale turbo ikhale yabwinobwino.

Onani nthawi yomwe utsi ukutuluka

Musanamasule chilichonse, yang'anirani galimoto kwa masiku awiri kapena atatu ndi kulemba zomwe mukuona.

• Utsi ukatuluka poyatsa m'mawa n'kusiya patapita kanthawi kochepa, kawirikawiri timphira ta pa mavalavu tauma. Oilo amadontha usiku n'kupsa poyatsa.
• Ukatuluka galimoto itaima nthawi yaitali, n'kufuka wambiri mukangoponda moto, kenaka n'kuchepa mukuyenda, ganizirani njira yotsikira oilo ya turbo, paipi yopumira injini, kapena timphira ta mavalavu. Pa injini ya petulo timphirati timakayikitsa kwambiri, chifukwa injini yotere imayamwa mwamphamvu ikamalira itaima.
• Ukatuluka nthawi zonse, n'kuwonjezeka pokwera chitunda ndi katundu, injini ikuchepa mphamvu, ganizirani maring'i a mapisitoni kapena turbo yomwe yathadi.

Zizindikirozi zimangolozera njira. Musagule chipangizo chilichonse potengera izi zokha.

Zofufuza panokha

Zimitsani injini ndi kudikira kuti izizire. Turbo ndi ekizozi zimatentha kwambiri moti zikhoza kukuwotchani.

1. Mulingo wa oilo. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, dikirani mphindi 10 mutazimitsa, ndipo yezani ndi kachitsulo koyezera oilo. Oilo akhale pakati pa mizere iwiri. Akapitirira mzere wapamwamba, amatseka potsikira oilo wa mu turbo. Chotsani wowonjezerayo. Ngati mulingo ukukwera wokha ndipo oilo akununkha dizilo, mafuta akulowa mu sampu. Imikani galimoto ndi kuitana makaniko.

2. Mtundu ndi msinkhu wa oilo. Gwiritsani ntchito oilo wolembedwa m'buku la galimoto kapena thalakitala yanu. Oilo wokhalitsa amasanduka phala lakuda lomwe limatseka timapaipi. Pewani oilo wogulitsidwa m'mabotolo otsegula kale, chifukwa simungadziwe chomwe chili mkatimo.

3. Fyuluta ya mpweya. Misewu yakumudzi ndi minda youma zimakhala ndi fumbi lochuluka, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba. Fyuluta ikatsekeka, turbo imayamwa movutikira ndipo imakoka oilo kuchokera mkati mwake. Sinthani fyuluta yotsekeka, yong'ambika kapena yonyowa ndi oilo. Musayendetse galimoto yopanda fyuluta ngakhale tsiku limodzi.

4. Paipi yopumira injini. Injini iliyonse imakhala ndi mpweya wochepa womwe umadutsa m'mbali mwa mapisitoni kupita ku sampu. Mpweyawu umatuluka kudzera m'paipi yomwe amakaniko amaitcha breather, ndipo pa injini zambiri za petulo pamakhala kavalavu kotchedwa PCV. Paipiyi ikatsekeka kapena kupindika, mpweya umadzadza mu sampu n'kuletsa oilo wa mu turbo kutsika. Ichotseni, muone ngati mpweya ukudutsa, ndipo muitsuke kapena kuisintha.

5. Paipi yotsitsa oilo ya turbo. Ili pansi pa turbo ndipo imapita ku sampu. Onani ngati yapindika, yaphwanyika kapena yafufuma. Mkati mwake mukhoza kukhala makala a oilo wopserera, kapena guluu wa gasiketi yemwe wina anapaka wambiri pokonza.

6. Mapaipi a mpweya. Masulani paipi yochokera ku turbo kupita ku injini. Kunyowa pang'ono ndi oilo si vuto, chifukwa paipi yopumira imabweretsa nthunzi ya oilo. Koma oilo akamachita kudikha kapena kutsanulika, pali vuto. Yang'ananinso paipi yolowera ku turbo. Ngati nayonso yadzadza oilo, ndiye kuti oiloyo akuchokera ku paipi yopumira ndipo turbo ikungomukankha.

7. Kugwedera kwa shafiti. Injini ili chizimire, kiyi muli naye m'thumba, gwirani pakati pa kapiko ka turbo ndi zala. Kugwedera pang'ono cham'mbali kumachitika pa turbo zambiri, chifukwa shafiti imayandama pa oilo. Koma kapiko kakamakhudza khoma, kakamasuntha kutsogolo ndi kumbuyo moonekeratu, kapena mapiko ake ali obenthuka, turbo yatha.

Zofunika makaniko

Mukaona kuti zonsezi zili bwino koma utsi ukupitirira, pitani kwa makaniko wodziwa injini za dizilo. Mutengereni zomwe munalemba zija ndipo mumupemphe achite izi asanamasule injini:

• Aone kuchuluka kwa mpweya wotuluka pothirira oilo injini ikulira. Ukamatuluka mwamphamvu ngati utsi wa m'chumuni, maring'i atha.
• Ayeze mphamvu ya silindala iliyonse ndi geji ya compression. Silindala yofooka kuposa zinzake imasonyeza vuto la maring'i kapena mavalavu.
• Aone ngati oilo akuoneka m'njira ya utsi isanafike pa turbo. Akapezeka pamenepo, oiloyo akuchokera mu injini. Akapezeka pokhapokha utsi utadutsa pa turbo, vuto lili pa turbo kapena potsikira oilo wake.

Injini ya maring'i otha imachititsa turbo yatsopano kudontha oilo chimodzimodzi ngati yakale. Ngati turbo iyeneradi kusinthidwa, makaniko atsuke kapena asinthe mapaipi onse awiri a oilo, atsuke intercooler ndi mapaipi a mpweya, athire oilo watsopano ndi mafyuluta atsopano, komanso athire oilo mu turbo asanayatse injini. Oilo wotsalira mu ekizozi akhoza kufukabe kwa kanthawi ntchito itatha.

Chenjezo: injini ya dizilo yokana kuzima

Injini ya dizilo imatha kuyaka ndi oilo wake womwe. Oilo wambiri akalowa m'njira ya mpweya, injini imayamba kulira mokweza yokha, utsi uli tolotolo, ndipo sizima ngakhale muchotse kiyi. Ikapitirira imaphwanyika, ndipo zitsulo zikhoza kuvulaza anthu.

Zikachitika pa galimoto ya magiya a pamanja, zimitsani kiyi, pondani buleki mwamphamvu, ikani giya yapamwamba ndi kusiya kilatchi kuti injini itsamwe. Musatseke polowera mpweya ndi dzanja kapena nsanza. Zikakanika, chotsani anthu onse ndipo imani patali. Choncho galimoto yomwe mwapeza oilo wodikha m'mapaipi a mpweya isayende mpaka itakonzedwa.

Kupewa vutoli

• Mukayatsa m'mawa, dikirani pafupifupi mphindi imodzi musanaponde moto kuti oilo afike mu turbo.
• Mukamaliza ntchito yolemetsa monga kulima kapena kukwera mtunda ndi matumba, siyani injini ilire kwa mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse. Turbo yozimitsidwa ili yamoto imapsereza oilo mkati mwake.
• Musasiye injini ikulira nthawi yaitali pamene mukupakira katundu kapena kudikira pamzere kumsika. Zimatha mafuta ndipo zimaunjika oilo mu ekizozi.
• Sinthani oilo ndi mafyuluta pa nthawi yolembedwa m'buku. Kumalo a fumbi, yang'anani fyuluta ya mpweya pafupipafupi.
• Musadalire mankhwala othira mu oilo oti athetse utsi. Amangobisa chizindikiro koma sakonza chomwe chawonongeka.

Kwa alimi otsogolera ndi makomiti

Sungani kabuku m'galimoto kapena thalakitala ya gulu. Woyendetsa azilemba tsiku, makilomita kapena maola a injini, ndi kuchuluka kwa oilo yemwe wawonjezera. Kabukuka kadzakuuzani msanga ngati injini yayamba kudya oilo, ndipo kadzathandiza makaniko kupeza vuto popanda kungoganizira.

Makaniko akanena kuti turbo yafa, komiti ifunse mafunso atatu isanatulutse ndalama: Kodi paipi yopumira ndi paipi yotsitsa oilo mwaziona? Kodi compression mwayeza? Kodi chapha turbo imeneyi n'chiyani? Pemphaninso kuona turbo yakaleyo ndi maso anu.

Chitani kafukufukuyu miyezi yokolola isanafike. Galimoto ikafera panjira itasenza fodya, soya kapena tomato, gulu limalipira kawiri: kukonza injini ndi kubwereka galimoto ina yopititsa katunduyo kumsika.