Dzanja lanu lomwe limatha kutchinga netiweki

Kwathu kuno ku Nkhoma aliyense ali ndi malo ake ogwirira netiweki: wina pachulu, wina pansi pa mtengo wa mango, wina pazenera. Usiku wina m'nyengo ya dzinja mnansi wanga anandigogodera, nthawi ya mkazi wake itakwana. Ankafuna kuitana wa kabaza wa njinga yamoto koma foni inkangoduka. Chifukwa cha mantha anali ataifumbata ndi manja onse awiri. Ndinailandira, n'kuiika pakhonde, n'kutsegula sipika. Inalowa, ndipo mayiyo anakafika kuchipatala nthawi yabwino.

Sindikukana kuti mwina unali mwayi chabe, koma phunziro la mafunde lomwe ndimaphunzitsa mu Physics limafotokoza zimenezi. Mafoni amakono eriyo yawo siionekera. Imabisika m'mphepete, kawirikawiri kumunsi ndi kumwamba. Thupi la munthu ndi lodzaza madzi, ndipo madzi amameza mafunde a wailesi. Pomwe netiweki ndi yofooka kale, chikhatho chimatha kumaliza yotsalayo. Ngakhale kampani ya Apple inagwa m'mbuna imeneyi mu 2010: anthu akagwira iPhone 4 pakona yakumanzere chakumunsi netiweki inkatsika, mpaka kampaniyo inagawa zikwama za foni zaulere.

Vutoli likukulirakulira ndi mtundu wina wa 5G womwe ukugwira ntchito m'mizinda ina ya ku America ndi Japan. Funde la 900 MHz, lomwe mafoni athu akhala akudalira, ndi lotalika masentimita 33. Limafika patali ndipo limalowa m'nyumba. Koma la 28 GHz limangoposa sentimita imodzi pang'ono. Limanyamula data yochuluka, komatu khoma, masamba a mtengo ngakhale chala chimalitchinga.

Ndiye akatswiri amatani? Amafoletsa timaeriyo tating'onoting'ono, tinayi kapena kuposa, pamalo amodzi. Taganizani ana atafola m'mbali mwa dziwe. Akaponya miyala nthawi imodzi, mafunde amalunjika kutsogolo. Akaponya motsatizana, amakhotera mbali imodzi. Foni nayo imachedwetsa pang'ono timaeriyo tina kuti mafunde aloze kunsanja monga tochi. Magulu a timaeriyo oterewa amaikidwa mbali ziwiri kapena zitatu za foni, kuti dzanja likaphimba lina, linzake lipitirize ntchito. N'chifukwa chake foni imayesedwa ili m'dzanja lochita kupanga komanso pamutu wa chidole isanapite pamsika.

Kuno ku Malawi kampani ya TNM inayamba kuyesa 5G mu 2023 m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe. Ndi chitukuko, koma mlimi wa ku Mitundu wofuna kumva mtengo wa soya, kapena mayi wa ku Nathenje wodikira ndalama pafoni, sakusowa liwiro la mumzinda. Akusowa mafunde ofika kuseri kwa phiri. Pempho langa ku bungwe la MACRA ndi makampani a mafoni ndi loti nsanja zakumudzi zikhale patsogolo.

Pakadali pano, netiweki ikavuta musaifumbate foni. Igwireni ndi nsonga za zala chapakati, tulukani panja, kapena itsamizeni penapake n'kutsegula sipika. Ophunzira anga a Fomu 3 ndinawauza kuti akayese kwawo, ndipo akawauzenso makolo awo.