Chuma cha Mlimi wa ku Mchinji Chagona m'Phiri la Tundulu

Mlimi wa ku Mchinji, kumalire ndi Zambia, amagula feteleza wochokera kutsidya kwa nyanja, chonsecho mwala wopangira feteleza uli m'dziko lomwe lino. Zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, miyala yosungunuka yokhala ndi laimu wambiri inakwera kuchokera pansi pa dziko, ndipo itazizira inasanduka mwala umene akatswiri amautcha carbonatite. Mu 1937 Bwana Frank Dixey ndi anzake analongosola miyala yotere ya kudera la Nyanja ya Chilwa. Phiri la Tundulu, m'boma la Phalombe, ndi limodzi mwa mapiri amenewa, ndipo mwala wake uli ndi fosifeti, chakudya cholimbitsa mizu ya chimanga ndi mtedza. Tsono aphunzitsi adziwitse ana zimenezi, pakuti mtundu wosadziwa chuma chake umachigulitsa motchipa.