Chakudya Choyenera Nkhosa Yoyamwitsa M'nyengo ya Chilimwe

Alimi oweta nkhosa m'chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja adziwa bwino kuti ana a nkhosa obadwa m'chilimwe sakula msanga, ndipo ena amafa asanathe ndi mwezi womwe. Ambiri amathamangira kunena kuti ndi matenda, koma kawirikawiri gwero lake ndi njala ya make.

Nkhosa imakhala ndi bere masiku ngati 150. Ikaswa, mkaka wake umanka nuchuluka kufikira sabata lachitatu kapena lachinayi, ndipo pa nthawi yonseyi mwana amadalira mkaka wokhawokha. Mkakawo ngwamafuta ndithu, magawo 6 kapena 7 pa 100 alionse, pamene wa ng'ombe uli ndi magawo ngati 4. Nchifukwa chake nkhosa yoyamwitsa imafuna mphamvu yochokera m'chakudya kuwirikiza kawiri kuposa inzake yosayamwitsa, ndipo ya mapasa imaposanso pamenepo.

Chakudya chikapelewera, nkhosa imasungunula mafuta a thupi lake nkuwasandutsa mkaka. Mchira wonona wa nkhosa zathu zamakolo ndiyo nkhokwe yake, ndipo mlimi wanzeru amauyang'ana tsiku ndi tsiku. Mchira ukafota ndi msana ukayamba kulasa dzanja, nkhokwe yatha. Nkhosa za mtundu wa Dorper, zimene anazipanga ku South Africa m'zaka za m'ma 1930 pokweretsa Dorset Horn ndi Blackhead Persian, nzazikulu thupi, motero zimafunanso chakudya chochuluka. Walira mvula walira matope.

Tsono udzu wouma wa mwezi wa September ndi October ungathe kudzaza mimba popanda kukhutitsa thupi. M'chifu cha nyama zobzikula muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timagaya udzu, ndipo sitigwira bwino ntchito ngati zomanga thupi m'chakudya zatsika kupitirira magawo 7 pa 100. Udzu wokhwima ndi mapesi a chimanga zimatsika pamenepo, choncho zimakhalitsa m'mimba, ndipo nkhosa imalephera kudya zokwanira. Kuonjezera apo, ulendo wautali wopita kubusa ndi kumadzi umadya mphamvu imene ikadakhala mkaka.

Mankhwala ake ali m'minda mwathu momwe. Masangwi a mtedza, ngati awumitsidwa pamthunzi masamba asanayoyoke, amaposa mapesi kutali. Masamba a nandolo ndi a khobwe nawonso ngabwino, ndiponso zipatso za mtengo wa nsangu zimagwa m'chilimwe momwemo, pamene zikufunika kwambiri. Nsenjere idulidwe ikali yanthete. Lukina ngwothandiza, koma asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, pakuti akachuluka amathothola ubweya ndi kufooketsa chiweto. Madeya a chimanga amapatsa mphamvu msanga, koma ayambidwe pang'onopang'ono, dzanja limodzi pa tsiku loyamba, chifukwa kuwachulutsa mwadzidzidzi kumasasitsa m'mimba ndipo kungathe kupha nkhosa. Madzi abwino ndi mchere zisasowe pafupi ndi khola.

Nkhosa zoyamwitsa zidyere pazokha, makamaka za mapasa, kuti zamphongo ndi zosayamwitsa zisazilande. Mlimi angathenso kusankha nyengo yokweretsa. Nkhosa yokweredwa mu April imaswa mu September, pakati pa njala, pamene yokweredwa mu July imaswa mu December, msipu utaphuka. Komabe dzinja limadza ndi njoka za m'mimba ndi kuwola kwa ziboda, ndipo wosankha njira imeneyi afunsire kwa alangizi a ziweto za mankhwala ndi khola louma.

Ntchito yonseyi iyamba pa nthawi yokolola. Amene atentha masangwi ndi mapesi mu May adziwe kuti watentha mkaka wa mu October.