Khansa ya M'matumbo: Zimene Majini a Chotupa Amasonyeza

Odwala awiri angalandire chithandizo chofanana cha khansa ya m'matumbo, wina n'kuchira, winayo matenda n'kuyambiranso. Chimodzi mwa zifukwa zake chili m'majini a chotupa: ena amagwira ntchito mopitirira muyeso, ena amangokhala chete. Mu 2015, akatswiri atafufuza zotupa zoposa 4,000, anazigawa m'magulu anayi, CMS1 mpaka CMS4. Za gulu la CMS4 ndizo zimakonda kuyambiranso.

Komabe polosera za moyo wanu, dokotala amayang'ana kwambiri pamene khansayo yafika. Ku America, ikapezeka isanafalikire, odwala pafupifupi 9 mwa 10 alionse amakhalabe ndi moyo patatha zaka 5.

Mukaona magazi m'chimbudzi, musangoti ndi kamwazi, ndipo musadikire kuti ntchito ya fodya ithe. Pitani kukiliniki ku Raffingora, kumene angakutumizeni ku chipatala cha Chinhoyi kapena cha Parirenyatwa ku Harare.