Chisanu chikafika, nyanja ya Kariba imatembenuza madzi ake

M'miyezi ya Juni ndi Julayi asodzi a mbedza pa nyanja ya Kariba amadandaula kuti nsomba zaleka kudya nyambo. Pakangopita masabata owerengeka, eni zombo zophera kapenta pa nyanja yomweyo amayamba kudzaza matumba kuposa miyezi ina yonse. Dandaulo la awa ndi chimwemwe cha awo gwero lake n'limodzi: kuzizira kwa madzi.

Kariba ndi nyanja yochita kupanga, m'malire a Zambia ndi Zimbabwe. Idabadwa pamene mtsinje wa Zambezi udatsekedwa ndi khoma lotalika mamita 128, lomwe lidamalizidwa mu 1959, ndipo idadzaza mu 1963, anthu a mtundu wa Chitonga pafupifupi 57,000 atasamutsidwa m'chigwamo. Kukula kwake kumaposa masikweya kilomita 5,000, ndipo pamene pali pakuya kwambiri ndi mamita osachepera 90. Palibe damu lina padziko lonse losunga madzi ochuluka chotere.

Kwa miyezi yambiri ya chaka madzi a m'nyanjayi amakhala osanjikizana. Dzuwa la chilimwe limatenthetsa apamwamba kufika cha m'madigiri 30, ndipo poti madzi ofunda amapepuka, amayandama pamwamba pa ozizira osasakanikirana nawo. Zonse zofera m'nyanja, kaya ndere, masamba kapena tizamoyo tating'onoting'ono, zimamira n'kukaolera pansi. Kuolako kumatha mpweya wa okosijeni wa m'madzi akuyawo, kotero kuti pofika kumapeto kwa dzinja nsomba sizingakhaleko nthawi yaitali. Chonde chonse chimatsekeredwa pansi pomwepo, kumene kuwala sikufika, pamene madzi apamwamba amanka nasuluka.

Chisanu ndicho chimamasula nkhokweyi. Usiku wozizira wa Meyi ndi Juni umalanda kutentha kwa madzi apamwamba mpaka atatsikira cha m'madigiri 22, kufanana ndi apansi. Zikatero palibenso cholekanitsa, ndipo mphepo imatakasa nyanja yonse kuchokera pamwamba mpaka pansi. Izi zimachitika kamodzi pachaka, kawirikawiri cha mu Julayi. Mpweya umatsika, chonde chimakwera, ndere zimaphuka, tizamoyo todya nderezo timachulukana, ndipo kapenta amapeza chakudya cha mwanaalirenji. N'chifukwa chake kapenta amaphedwa wambiri cha mu Ogasiti ndi Seputembala.

Odziwa nyanja ya Malawi aona pofanana. Mwera wa miyezi yomweyi umakankhira madzi ofunda kumpoto, ndipo kummwera kumatumphuka madzi ozizira achonde. Kusiyana kwake n'kwakuti nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita 700, choncho simatembenuka yonse. Pansi pa mamita 250 palibe mpweya chaka chonse. Kariba, pokhala yosaya motero, imatakasika yathunthu.

Kapentayo ndi mlendo. Adatengedwa ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968 n'kuthiridwa kufupi ndi Sinazongwe, akatswiri ataona kuti nsomba za mu Zambezi, zozolowera mtsinje, zimangokhala m'mphepete, pakati pa nyanja pali mbee. Adaswana mofulumira, ndipo ena adatsika ndi mtsinje mpaka kukakhazikika ku Cahora Bassa m'dziko la Mozambique. Pa Kariba sakula ngati kwawo: ambiri amaphedwa ali ndi masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo ndi ochepa amene amatha chaka ali moyo. Nsomba ya moyo waufupi chotere imasonyeza msanga mmene nyengo yayendera. Chakudya chikachuluka, imachuluka m'miyezi yomweyo. Chikachepa, matumba amapepuka chaka chomwecho.

Amaphedwa usiku ndi nyale, monga amachitira asodzi a usipa, ngakhale nsomba ziwirizi si pachibale. Chombo chake ndi nsanja yachitsulo yoyandama pa mathanki awiri, yokhala ndi ukonde wozungulira wolendewera ku mkombero wachitsulo. Ukonde umatsitsidwa, nyale zimayatsidwa pamwamba ndi pansi pa madzi, ndipo nsomba zikasonkhana, anyamata amazimitsa zapamwamba n'kupukusa ukondewo. Amatero kangapo mpaka mbandakucha. Mwezi ukawala kwambiri nyale sizikopanso nsomba, ndipo malamulo a maiko awiriwa amaimitsa usodziwu kwa masiku angapo mwezi uliwonse pa nthawi imeneyo.

Ntchitoyi ndi yowawa m'chisanu. Munthu amachezera pa chitsulo chozizira, zovala zili chinyowere, pakati pa nyanja popanda pobisala. Miyezi ya phindu ndiyonso miyezi ya mphepo, makamaka Ogasiti ndi Seputembala, ndipo zombozi ndi zolemera komanso zoyenda pang'onopang'ono, zosatha kuthawa mafunde akabuka mwadzidzidzi. Usiku wina sizichoka n'komwe padoko. Chabwino cha nyengoyi chili kumtunda: kumwamba kumakhala kopanda mitambo, mpweya ndi wouma, ndipo kapenta wothiridwa mchere n'kuyanikidwa pa thandala amauma bwino osaola. M'dzinja ambiri amaonongeka asanafike pamsika wa ku Lusaka kapena ku Harare.

Kwa nsomba zikuluzikulu nkhani ndi ina. Thupi la nsomba limatsatira kutentha kwa madzi, choncho madzi akazizira imagaya chakudya mochedwa, imadya pang'ono ndiponso siyendayenda. Tigerfish, nsomba ya mano akuthwa imene anthu a m'chigwa cha Shire amaidziwa bwino, imafooka m'chisanu n'kutsikira kwakuya potsatira kapenta. Imayambanso kulusa madzi akafunda, ndipo si mwangozi kuti mpikisano wotchuka woiwedza pa Kariba umachitika cha mu Okutobala. Nsomba za mtundu wa chambo, kuphatikizapo chilunguni ndi Nile tilapia imene idathawa m'malo owetera nsomba n'kufalikira nyanja yonse, zimachoka m'madzi osaya ausiku wozizira n'kukaunjikana m'makwawa ndi m'mitengo yomira. Msodzi wanzeru sadzuka mamawa ngati m'chilimwe. Amadikira dzuwa likwere, amafuna gombe lobisika ku mphepo, amatsitsa nyambo mozama ndipo saifulumiza. Mlamba ndi vundu, zomwe zimafufuza chakudya pansi, zimapezekabe kwa wopirira.

Mitengo yomirayo ndi yofunika kuitchula. Madzi asanadzaze, mathirakitala okoka maunyolo adagwetsa nkhalango m'madera ena kuti mudzakhale moponya matchera, koma mbali yaikulu idasiyidwa. Mitengo ya tsanya idakali chiimire mpaka lero, youma koma yosaola. Imang'amba maukonde ndi kuboola maboti, komabe ndi imene imasunga nsomba, ndipo m'chisanu ndi pomwe wa mbedza amayambira.

Oweta nsomba m'zikwere, omwe achuluka ku Siavonga ndi ku tauni ya Kariba, nawonso amawerengera chisanu. Nsomba zawo zimadya pang'ono ndi kukula mochedwa, kotero amachepetsa chakudya kuopa kuti chingangomira n'kuola. Masiku a kutembenuka kwa madzi amawachenjera kwambiri, chifukwa madzi opanda mpweya akakwera mwadzidzidzi, nsomba ya m'chikwere ilibe kothawira.

Pali china chimene nyanja yachilengedwe ilibe. Madzi a Kariba adasungidwira magetsi, ndipo bungwe la Zambezi River Authority ndilo limagawa kuchuluka kwa madzi odutsa m'makina a maiko awiriwa. Madzi osefukira ochokera kumtunda kwa Zambezi amafika mochedwa, kotero nyanja imafika pachimake cha pakati pa chaka, nthawi yachisanu yomweyo, n'kumiza udzu wa m'mphepete umene umasanduka chakudya ndi mobisala ana a nsomba. Chaka cha chilala, monga 2024, madzi sakwera mokwanira, mitsinje sibweretsa chonde, ndipo chisanu chimapeza nkhokwe yopepuka.

Kapenta wakhala akuchepa. Cha m'ma 1990 mbali ya Zimbabwe yokha inkapha matani pafupifupi 20,000 pachaka, koma lero chombo chimodzi chimabwerera ndi kagawo chabe ka zimene chinkapha kale. Akatswiri amasiyana maganizo pa chifukwa chake. Ena akuti nyanja yafunda, choncho madzi akuchedwa kusakanikirana ndipo chonde sichikukwera mokwanira. Ena akuloza kuchuluka kwa zombo: mu 1999 maiko awiriwa adagwirizana kuti zikhale pafupifupi 500, koma chiwerengerocho chidapitirira kalekale. Mwa ziwirizi, chimene boma lingachitepo kanthu chaka chino ndi chachiwiri, ndipo umboni wake suvuta kuuona. Lamulo limaletsa kupha kapenta m'madzi osaya mamita 20 komanso pafupi ndi mathiriro a mitsinje, poti ndi mmene amaswana. Koma usiku wa mphepo ya Ogasiti, malo abata amene chombo chingathawireko ndi magombe omwewo, ndipo nyale zambiri zimayaka kumeneko.