Tipoti yadothi ikayamba kudontha, musathamangire guluu

Pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi chiwiya chimene sichituluka wamba m'kabati. Kwathu ndi tipoti yadothi yoyera, ya maluwa obiriwira m'mbali, imene malemu mayi anga adalandira paukwati wawo. Imatuluka pa Khirisimasi, kukabwera abusa, kapena apongozi akatiyendera. Masiku ena onse timamwera tiyi wa m'ketulo ngati wina aliyense.

M'mwezi wa June, kuzizira kutafika pachimake, kudabwera alendo ndipo mayi akunyumba adaitulutsa. Alendo atapita tidapeza nsalu ya patebulo itanyowa pamene padakhala tipotiyo. Poyamba tidati mwina wina adataya tiyi pothira, koma titaithiranso madzi mawa lake, kadontho kadatuluka m'mbali chakumunsi, kenaka kena. Tipoti ya mayi idali itang'aluka.

Maganizo oyamba adali othamangira kugolosale kukagula supaguluu. Chidandiletsa ndi zimene zidamuonekera mnzanga wina zaka zingapo zapitazo. Iye adamata chogwirira cha tipoti yake ndi guluu yemweyu ndipo chidagwira bwinobwino kwa masabata atatu. M'mawa wina mwana wake wamkazi akupita nayo patebulo, chogwirira chidatsala m'manja, tipoti n'kugwera mng'ono wake amene ankakwawa pansi. Mwanayo adagona m'chipatala masabata awiri ndipo chipsera chili pantchafu mpaka lero. Chakudza sichiimba ng'oma.

N'chifukwa chake ndati ndigawane ndi anzanga owerenga zimene ndidatsata. Mfundo yaikulu ndi imodzi: musanafunse kuti ndimate ndi chiyani, yambani mwaona pamene pang'aluka. Malo a mng'alu ndiwo anganene ngati tipoti ingakonzedwe, kapena ngati nthawi yake yogwira tiyi yatha.

Tiyambe ndi kudziwa chimene tagwira m'manja. Ziwiya zadothi za m'sitolo zimaotchedwa mu uvuni wotentha kwambiri. Zina zimaotchedwa pa madigiri 1,000 mpaka 1,150 ndipo dothi lake limakhalabe ndi timibowo tomwa madzi. Zina zimafika pa madigiri 1,200 mpaka 1,300, ndipo zoyera zopyapyala zija zimayandikira 1,400; izi dothi lake limalimba ngati mwala. Kunyezimira kwa pamwamba kuja si penti ayi, koma galasi lopyapyala limene lidasungunukira pa dothilo. Kuti mudziwe mtundu wa tipoti yanu, itembenuzeni ndi kudonthezera madzi pa mkombero wa pansi pamene palibe chonyezimira. Madziwo akalowa, dothi lake ndi lomwa madzi.

Apa tikuona kale kuti nzeru yoika tipoti pambaula kuti mng'alu utsekeke ndi yosathandiza. Moto wophikira sungasungunule galasi limeneli mofanana, ndipo kutenthetsa mbali imodzi kumangokulitsa mng'aluwo. Kunena zoona, ming'alu yambiri imayamba chifukwa cha kutentha kodzidzimutsa. Mukathira madzi owira m'tipoti yozizira, mkati mumafutukuka msanga kunja kusanatenthe, ndiye dothi limakokana mpaka kung'aluka. Ndi zimene zidachitikira yathu m'mawa wozizira uja.

Kupeza mng'alu kumafuna kudekha, monga kuona maso a nkhono. Tsukani tipoti, ipukuteni kunja mpaka iume, ithireni madzi ofunda ndi kuikhazika pa nyuzipepala youma kwa ola limodzi. Pamene pepala lanyowa ndi pamene muyambire kuyang'ana. Kenaka khuthulani madzi, ikani tipoti pachikhatho ndi kuigogoda pang'ono ndi supuni. Yabwino imalira ngati kabelu, yong'aluka imalira mogontha. Usiku mungathenso kuunika mkati ndi tochi ya foni ndi kulondola mzerewo kuti muone pamene wayambira ndi pamene wathera. Lembani kadontho ndi pensulo kumapeto onse awiri. Mukadzaona kuti mzere wapitirira kadonthoko, dziwani kuti mng'alu ukuyenda ndipo tipotiyo si yodalirikanso.

Pali kudontha kwina kumene si kung'aluka. Ngati tiyi akutsetsereka pansi pa mlomo wa tipoti pothira, kapena akutulukira pa chivundikiro, onani kabowo kolowera mpweya ka pa chivundikirocho ndi timabowo ta kuseri kwa mlomo. Kawirikawiri timatsekeka ndi masamba komanso litsiro la tiyi. Viikani tipoti m'madzi ofunda osungunuliramo soda wophikira, tokosani timabowoto ndi kamtengo, vuto latha popanda guluu.

Tsono tibwere pa zomatira. Supaguluu amamata msanga, koma mitundu yambiri imayamba kufooka kutentha kukafika pa madigiri 80, ndipo madzi otentha amamudya pang'onopang'ono. Madzi a tiyi amawira pa madigiri pafupifupi 100 kunyanja ndi kuchigwa, ndipo ngakhale kumalo okwera ngati Dedza amawira cha pa 95. Choncho tsiku lililonse tipoti imapyola malire a guluuyu. Kuonjezera apo, sadapangidwe kuti azikhudzana ndi chakudya.

Guluu wa matchubu awiri osakaniza, wotchedwa epoxy, ndi wolimba kuposa supaguluu. Komabe ambiri amene timawapeza m'mahadiweya adapangidwira zitsulo, matabwa ndi mapaipi, ndipo ena amafewa akatenthedwa. Alipo ochepa amene opanga ake adalemba pa paketi kuti akauma angathe kukhudzana ndi chakudya. Ngati pa paketi palibe mawu otero, komanso sadalembe kutentha kumene angapirire, musamuike mkati mwa tipoti. Wogulitsa akakuuzani kuti "ameneyu amamata chilichonse", mufunseni akuonetseni pamene zalembedwa. Safunsa adadya phula.

Chinanso ndi silikoni. Wolembedwa kuti "food grade" amapirira kutentha kwa madigiri pafupifupi 200 ndipo amatseka bwino podontha, koma alibe mphamvu yonyamula katundu. Chenjerani ndi silikoni wa kubafa ndi wa m'mawindo, chifukwa wambiri amathiridwa mankhwala opha nguwi amene sayenera kulowa m'mimba mwa munthu.

Zilipo njira zina zimene timagwiritsa ntchito pa zidebe ndi zigubu zimene siziyenera kuyandikira tipoti. Sopo, kandulo ndi phula zimasungunuka ndi madzi otentha. Pulasitiki wosungunula pamoto sagwira pa galasi. Penti ndi mankhwala opaka m'zikhadabo ndi poizoni. Chitsulo chosungunula chimene okhoma zidebe ena amatsekera mabowo nthawi zambiri chimakhala ndi mtovu, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene tingati ndi wosaopsa m'thupi. Umaononga ubongo wa ana mwakachetechete.

Nkhani ya mtovu ikukhudzanso tipoti yeniyeniyo. Ziwiya zina zakale, makamaka za mitundu yowala ngati yofiira, yachikasu ndi yalalanje, chonyezimira chake chidasakanizidwa ndi mtovu. Ngati mkati mwa tipoti yotere mwayamba kusupuka, kapena mukutuluka fumbi lotuwa mukaipukuta, isiyeni. Tiyi wa mandimu amene timakonda tikadwala chimfine ndiye amasungunula mtovu msanga chifukwa cha kuwawasa kwake.

Nanga chingakonzedwe n'chiyani? Chivundikiro chikasweka kamutu kake kogwirira, matani ndi epoxy mopanda mantha, chifukwa tiyi safika pamenepo ndipo sipanyamula zolemera. Tsukani zidutswazo, ziumitseni padzuwa masiku awiri kapena atatu ngati dothi lake ndi lomwa madzi, sakanizani guluu monga alembera, pakani pang'ono mbali imodzi ndi kukanikiza. Mangani ndi legeni kuti zisasunthe, kapena zikhazikeni m'beseni la mchenga. Ngakhale pa paketi alembe kuti amagwira pa mphindi zisanu, dikirani tsiku lathunthu kapena kuposerapo kuti aume mpaka mkati.

Mng'alu wochepa ngati tsitsi, umene ukungochita thukuta ndipo uli kutali ndi chogwirira, ungatsekedwe. Njira yoyamba ndi imene agogo anga ankachitira mphika watsopano asanayambe kuphikira ndiwo: ankawiritsamo phala la madeya kuti litseke timibowo ta dothi. Anthu a ku Japan amachitanso chimodzimodzi ndi miphika yawo yadothi pogwiritsa ntchito phala la mpunga. Pa tipoti, phikani phala lamadzimadzi la ufa woyera kapena la mpunga mupoto wina, lisiyeni lipole pang'ono, lithireni m'tipoti imene mwaitenthetsa kale ndi madzi ofunda, ndipo ligonemo usiku wonse. M'mawa khuthulani, tsukani mopepuka ndi kuumitsa masiku awiri.

Ena amamiza chiwiya mumkaka ndi kuutenthetsa pamoto wochepa kwa ola limodzi, kuti zolimba za mumkakamo zilowe mumng'alu ndi kuuma. Zimathandiza pa mng'alu waung'ono, koma mkaka womiza tipoti yonse ungadye ndalama zoyandikira mtengo wa tipoti ina. Ndiyenera kunena mosabisa kuti phala ndi mkaka zimangotseka, sizilumikiza dothi. Pakapita nthawi zimasukuluka, ndipo mng'alu umene muli zotsalira za chakudya ungasunge tizilombo toyambitsa matenda. Tipoti yotere muziitsukuluza ndi madzi otentha musanaigwiritse ntchito, ndipo isamagone ndi tiyi wamkaka.

Njira yachiwiri ndi kupaka silikoni woyenera chakudya kunja kwa mng'alu, tipoti itauma gwa. Pakani mzere wopyapyala, salazani ndi chala chonyowa ndi kudikira mpaka fungo lonse litatha. Kumata kunja kumachepetsa kukhudzana kwa chomatiracho ndi tiyi.

Mukatha kukonza mwa njira iliyonse, yesani tipoti muli nokha, ana ali kutali. Ikhazikeni m'beseni pansi, thirani madzi ofunda, kenaka otentha, ndipo idikireni mphindi 30. Chitani zimenezi katatu masiku osiyana musanaibweretse patebulo.

Koma pali ming'alu imene sitiyenera kukambirana nayo. Chogwirira chikathyoka kapena chikang'aluka polumikizira, tipotiyo isagwirenso madzi otentha, kaya mwamata ndi guluu wodula bwanji. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Tipoti ya lita imodzi ndi theka, kuphatikiza kulemera kwa dothi lake, imapitirira makilogalamu awiri, ndipo zonsezo zimalendewera pa timalo tiwiri tating'ono. N'chimodzimodzinso mng'alu wodutsa pansi kuchoka mbali ina kufika ina, wozungulira tsinde la mlomo, kapena umene ukutseguka mukakanikiza ndi manja. Tipoti yotere imatha kugawanika pakati nthawi iliyonse.

Anzathu a kunja adalimbana nalo kale vutoli. Ku China amisiri ankaboola timabowo mbali zonse za mng'alu ndi kulumikiza ndi tizitsulo topinda. Ku Japan kuli luso lotchedwa kintsugi, lomata ndi utomoni wa mtengo wa urushi ndi kuwaza golide pamwamba, ndipo ntchitoyo imatenga masabata ambiri. Zimene amalonda ena amagulitsa masiku ano m'dzina la lusoli nthawi zambiri zimakhala epoxy wosakaniza ndi ufa wonyezimira, choncho ndi zokongoletsera chabe, osati zomwera.

Ngozi ikachitika, thirani madzi ozizira aukhondo pamene papsapo kwa mphindi 20, vulani zovala zonyowa ngati sizidamatirire pakhungu, phimbani ndi nsalu yoyera ndi kuthamangira kuchipatala, makamaka ngati wapsayo ndi mwana. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira kapena dothi, ndipo musaphulitse matuza.

Kupewa ndiye kosavuta. Musanathire madzi owira, zunguzanimo kaye madzi ofunda. Tipoti yadothi isakhale pambaula kapena pamafuwa, imeneyo ndi ntchito ya ketulo. Yotentha musaikhazike pa simenti yozizira kapena kuimiza m'madzi ozizira. Ponyamula, dzanja lina lizichirikiza pansi ndi kansalu.

Mwina mukufunsa kuti ya mayi ija idatha bwanji. Mng'alu wake udali waufupi, chakumunsi, kutali ndi chogwirira. Ndidaugoneka m'phala la mpunga, ndidapaka silikoni kunja, ndipo idasiya kudontha. Tidamweramo tiyi kawiri. Ulendo wachitatu ndidayang'ana kadontho ka pensulo kaja ndipo ndidapeza mzere utapitirira, ukulowera ku chogwirira. Tsiku lomwelo ndidapita kumsika kukagula ina yachitsulo.

Mchemwali wanga atamva adadandaula kuti ndataya chikumbutso cha mayi. Sindidataye. Ili pamwamba pa kabati, ndipo mayi akunyumba amaikamo maluwa ouma. Ana anga amaidziwa kuti ndi tipoti ya agogo awo, ndipo wamng'ono, amene wangoyamba kumene kuyenda, amadutsa pansi pa tebulo nthawi ya tiyi ife mitima ili m'malo.