Malamulo a Umoyo pa Zombo za Alendo m'Nthawi ya Mliri

Anthu ambiri a m'migodi ndi m'matauni a Zambia sanaonepo nyanja yamcere, koma onse adziwa cimene cimacitika cimfine cikalowa m'nyumba ya anthu ogona mothinana. Pa nyanjayo pali zombo zazikuru zimene sizinyamula mkuwa kapena cimanga, koma anthu ofuna kupumula ndi kuona maiko. Combo cotere ciri ngati komboni yoyandama pamadzi. Muli zipinda zogona, nyumba zodyera, maholo a dansi ndi kacipatala kakang'ono. Nthenda ikalowamo palibe kothawira.

Malamulo a zombo sanayambe lero. M'caka ca 1377 akuru a mzinda wa Ragusa, umene tsopano uchedwa Dubrovnik, analamula kuti alendo ocokera kumene kuli mliri ayambe akhala paokha masiku 30 asanalowe mumzinda. Pambuyo pace a ku Venice anasunga mwambo wa masiku 40. Masiku ano maiko atsata malamulo amene anapangana m'bungwe la World Health Organization m'caka ca 2005. Mkuru wa combo asanakoceze pa doko, ayenera kulemba cikalata conena ngati wina wadwala kapena kumwalira paulendo, ndipo adotolo a padoko ndiwo aweruza ngati anthu angatsike.

Mliri wa Covid-19 ndiwo unayesa malamulowa koopsa. Combo ca Diamond Princess cinanyamuka ku Yokohama m'dziko la Japan pa 20 January 2020. Mkuru wina wa zaka 80 anatsika ku Hong Kong pa 25 January, ndipo pa 1 February adotolo anampeza ndi nthendayo. Combo citabwerera ku Yokohama, Boma la Japan linabindikiritsa anthu onse 3,711 masiku 14, kuyambira pa 5 February. Alendo anawauza kuti asaturuke m'zipinda zao.

Koma panali cinthu cimodzi cimene lamulolo silinathe kucikonza. Munthu wotsekeredwa m'cipinda afunabe kudya. Ancito a m'combo, oposa 1,000, anapitirira kuphika, kupereka zakudya pakhomo ndi pakhomo, ndi kucotsa zinyalala. Madzulo anabwerera ku zipinda zao zazing'ono zogona awiri kapena atatu, nadyera pamodzi monga kale. Potsiriza anthu 712 anapezeka ndi nthendayo, ndipo oposa 10 anamwalira. Phunziro lace ndi ili: lamulo losunga mlendo koma loiwala wancito silicinjiriza ali yense.

Ku Australia kunacitika colakwa ca mtundu wina. Pa 19 March 2020 combo ca Ruby Princess cinakoceza ku Sydney, ndipo alendo pafupifupi 2,700 analoledwa kutsika zotsatira za kupima zisanabwere. Anakwera mabasi, sitima ndi ndege, namwazikana ndi nthenda ku makwao. Maiko ena poona izi anatseka madoko ao. Combo ca Zaandam cinayendayenda panyanja ciri ndi odwala, madoko a South America akucikana, ndipo anthu 4 anali atamwalira kale pamene cinaloledwa kupyola ngalande ya Panama. Motero kutsekera anthu m'combo kunapha, kuwatsitsa msanga kunapha, ndi kuwakana padoko kunaphanso.

Boma la United States, kumene zombo zambiri za alendo zinyamukira, linaletsa maulendowa pa 14 March 2020. Pa 30 October caka comweco linaika malamulo obwezera zombo panyanja pang'onopang'ono. Coyamba, ancito onse anayenera kupimidwa kawirikawiri, ndipo combo ciri conse cinayenera kukhala ndi zipangizo zopimira. Caciwiri, eni zombo anayenera kupangana ndi doko ndi zipatala zapamtunda, kuti wodwala asadzasowe kotsikira. Cacitatu, combo cinayenera kuyenda ulendo woyesera ndi anthu odzipereka cisanatenge alendo olipira. Katemera atapezeka, m'caka ca 2021 analola kulumpha ulendo woyeserawo ngati alendo 95 mwa 100 ali onse, ndi pafupifupi ancito onse, analandira katemera. Combo ca Celebrity Edge ndico cinayamba kunyamuka, pa 26 June 2021, kucokera ku Fort Lauderdale.

Malamulo apadera amenewa anatha mphamvu m'caka ca 2022, ndipo pa 5 May 2023 World Health Organization inalengeza kuti Covid-19 sirinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Koma nzeru imene inali m'kati mwace siinathe: kupima munthu asanalowe pakati pa anzace, kupatula wodwala msanga, kukonzeratu cipatala comlandira, ndi kunena zoona kwa adotolo ngakhale ulendo ucedwe. Mkuru wa combo wobisa wodwala afanana ndi wancito wobisa cifuwa poopa kutaya tsiku la malipiro. Onse awiri asunga ndalama za lero, naika pangozi anzao amene apuma nao mpweya umodzi.